Mawondo a Apongozi Anga

Nkhani iyi sindinaifotokozerepo munthu, ngakhale inu ana anga. Agogo anu a Nachisale anandichenjeza kuti ndikadzaitulutsa iwo ali moyo, adzandikoka khutu pamaso pa mpingo wonse, ndipo mayi aja akalonjeza chinthu ankachita. Tsopano anagona, amayi anu nawo anatsatira, ndatsala ndekha ndi mawondo angawa amene ayamba kulira ngati chitseko cha nkhokwe. Ndiye ndilembe, zala zisanayambenso zawo.

Chaka chimene ndinalowa m'chipinda cha mdima

Sukulu ndinayamba mochedwa. Ndinakulira pa esiteti ya fodya ndikuweta ng'ombe za eni ake, ndipo tsiku limene ndinalowa Sitandade 1 ana onse anaimirira poganiza kuti kwabwera mphunzitsi watsopano. Setifiketi ya JC ndinaipezera kusukulu ya madzulo, ndili kale ndi ndevu komanso mkazi. Imeneyo ndiyo inandilowetsa pa chipatala china cha mishoni kuno ku Kasungu. Ndinayamba ndi kukolopa, kenako anandipereka kwa a Nyirenda, amene ankajambula ekisire, kuti ndiziwatsukira mafilimu m'chipinda cha mdima.

A Nyirenda anali a kumpoto, aatali, oseka mokweza, koma pa ntchito sankafuna chibwana. Ataona kuti manja anga sanjenjemera, anayamba kundiphunzitsa kujambula. Anthu athu a fodya ambiri ankabwera ndi nyamakazi ya m'mawondo, choncho phunziro la bondo ndinalimva mpaka kulilota. Ankati pakati pa mafupa awiri a bondo pali kamnofu koterera kamene sikaoneka pa filimu, ndiye pa bondo labwino umangoona mpata woyera bwino. Kamnofu kaja kakatha, mpatawo umatsekeka, fupa limayamba kukhula fupa linzake, ndipo m'mbali mumamera timinga. "Koma munthuyo muzimujambula ataimirira, a Phiri," ankatero. "Akagona pabedi, bondo limamasuka n'kutinamiza. Aime, thupi lonse lilemere pamenepo. Ndipo bondolo mulione ndi maso anu, muliwongole ndi manja anu. Makinawa sadziwa munthu."

Mavuto athu anali a masiku onse. Mafilimu ankabwera pamene afunira. Mankhwala otsukira tinkawagwiritsa ntchito mpaka atatopa, zithunzi n'kumatuluka ngati zajambulidwa m'nkhungu. Magetsi ankazima wodwala atavula kale malaya. Enanso ankakhulupirira kuti kujambulidwako ndiko mankhwala. Mkulu wina wa ku Simlemba anabweranso ndi mtedza kudzathokoza kuti chiuno chinasiya kupweteka tsiku lomwe tinamuunika, ndipo ankapempha kuti timubwerezenso kuti achiriretu.

Chilimwe chimene Chikondi anayamba kuyenda

Chaka chimenecho a Nyirenda anapita ku maphunziro, n'kundisiyira kiyi ndi kabokosi ka mafilimu kopepuka kwambiri. Anandiuza kuti ndizisungira othyoka mafupa okha. Ndinkayenda pa chipatala paja kiyi akulira m'thumba, ndikudziona ngati munthu.

Ndiyenera kukufotokozerani za ine ndi agogo anu, chifukwa inu a masiku ano mumadya mbale imodzi ndi apongozi anu, mwinanso kujambulana nawo pa foni. Ife sizinali choncho. Chikwatirire amayi anu, nkhope ya a Nachisale ndinali ndisanaiyang'anepo bwinobwino. Tikakumana m'njira, ine ndinkapatukira kuthengo, iwo n'kupatukira mbali inayo, ndipo tsiku lina ulemu umenewu unandigwetsera m'chitedze. Mawu ankadutsa mwa munthu wina. Ine nditakhala pomwepo pakhonde, iwo ankauza mwana kuti, "Uwauze abambo ake Chikondi kuti madzi ali kubafa." Mwana akasowa, ankauza galu.

Amayi anu anapita kwawo ku Santhe kukacheza, n'kubwerako nkhope itagwa. Anati amayi awo akulephera kugwada, podzuka m'mawa akuchita kukwawa mpaka pachitseko, ndipo makeni a madzi othirira nazale akuwagwetsa panjira. Koma chimene chinkawawawa kwambiri chinali pakamwa pa agogo anu aamuna, a Mbewe. Iwo ankati mawondo amenewa amadziwa kalendala, amapweteka nthawi ya nazale koma kuukwati amavina. Ankatinso mkazi amene akupatsira mwamuna wake madzi ataimirira wayamba mwano. Tsono pamsika wa Santhe panali mayi wina wamasiye wogulitsa mandasi, ndipo a Mbewe, amene mano anali atawathera, anali atayamba kukonda mandasi modabwitsa. Ananena poyera kuti mvula ikagwa n'kusowa wowokera fodya, abweretsa pakhomo mkazi wa mawondo. Agogo anu aakazi anatengedwa chitengwa, kwawo kunali kutali. Pakhomo pamene anamanga ndi manja awo ndi pamene akanasanduka mlendo.

"Muwajambule," anatero amayi anu. "Abambo akaona chithunzi akhulupirira."

"Amake Chikondi, mukudziwa chimene mukunena? Bondo sitijambula lili m'chitenje."

"Ndiye mupeze nzeru. Kiyi uja mumangomuliza m'thumba wachiyani?"

Nzeru ndinaipeza, ndipo ndinadziyamikira nayo kwambiri. Tsiku limene agogo anu anabwera, ndinawasiya kaye pabenchi panja. Ndinaimika amayi anu patsogolo pa makina, popeza msinkhu wawo unali umodzi ndi wa amayi awo, ndinayeza zonse, n'kuzungulira mapazi awo ndi choko pansi. Kenako ndinalowa kuseri kwa khoma lotchinga, kumene kuli batani. Pakhomapo pali kawindo kakang'ono koonera wodwala. Ndinakaphimba ndi jekete, ndipo pofuna kuonjezera ulemu, ndinafulatiranso.

Ndinamva chitseko, kenako mapazi okwekwereza.

"Amake Chikondi, auzeni amayi aime pa mapazi a chokowo."

"Aima."

"Auzeni akweze chitenje mpaka pamwamba pa mawondo."

Kunamveka manong'onong'o, ena okalipa, ena odandaula. Nsapato zinakwekwereza uku ndi uku.

"Akweza?"

"Akweza."

"Inuyo sunthirani kuchitseko, kutali ndi makina."

"Ndasuntha," anatero amayi anu. Mawuwo anamveka pafupi ndithu, koma ndinati ndi mmene chipindacho chimabwezera mawu.

"Auzeni asapume."

Bondo silipuma, koma pakamwa panali patazolowera. Ndinapapasa batani chakumbuyo n'kudina.

Ana anga, chithunzi chimene chinatuluka m'madzi tsiku limenelo chinali chokongola kuposa zonse zimene ndinajambulapo. Mafupa osalala, mpata wotakasuka mbali zonse, popanda kaminga n'kamodzi komwe. Ndinayenera kudabwa. Koma mtima wanga unali pa ukatswiri wanga, kuti ine Lufeyo Phiri, woweta ng'ombe, ndajambula chinthu chotere ndisakuyang'ana n'komwe. Pofuna kuti apongozi asavutike pamzere, ndinathamanga nacho ndekha n'kukumana ndi adokotala pakhonde. Anali atangobwera kumene pa chipatalapo, ndipo tsikulo odwala anali atadzaza mpaka pansi pa mitengo. Anachikweza kudzuwa.

"Wodwalayo ali kuti, a Phiri?"

"Akupumula, bwana."

"Mawondo awa ndi abwino kuposa anga. Apatseni mapiritsi opha ululu, akapanda kusintha abwere ndiwaone."

Mawu otsirizawo ndinawasiya pakhonde pomwepo. A Mbewe, amene anali ataperekeza, anangomva oyambawo. Anatenga filimu ija n'kuiika m'malaya ngati setifiketi. Agogo anu anatsamira pa mwana wawo n'kutuluka pang'onopang'ono.

Masabata otsatirawo ndi amene amandivutabe mpaka lero. A Mbewe ankayenda nayo filimu ija tsiku lililonse la msika, n'kumaikweza kumwamba pakati pa anzawo a bawo, pa okonza njinga, ngakhale pafupi ndi beseni la mandasi. "Onani nokha," ankatero. "Makina anena. Wajambula ndi mkamwini wanga, si munthu wapadera." Agogo anu anabwerera ku nazale, kutunga madzi ndi kuzula udzu chokwawa. Kunyumba amayi anu anasiya kuseka. Ndikawafunsa, ankati mutu. Ine ndinkagona tulo tabwino, poganiza kuti sayansi yalankhula.

Mitambo itayamba kusonkhana

A Nyirenda anabwera, koma osati kudzakhala. Anali atawasamutsira kwina, ndipo anangodzatenga katundu. Wolowa m'malo mwawo ankayembekezeka dzinja litatha. Ndinali nditabwereka filimu ija kwa a Mbewe mwa pempho lalikulu, kuti bwana wanga aone mmene wophunzira wawo wakulira. Anaiika pa galasi lowala, n'kuiyang'ana nthawi yaitali.

"Apongozi anuwa ndi aakulu bwanji?"

"Ali ndi zidzukulu zokwatiwa, bwana."

"Amalima fodya?"

"Chibadwire."

"Yayi, adada. Ndiye mukawapemphe andibwereke mawondo amenewa ndikamenyere mpira." Anatembenuka. "Bondolo munaliona?"

"Ndinali nditafulatira, bwana."

"Mwati bwanji?"

"Ndi apongozi, bwana. Pawindo ndinaikapo jekete."

Anaseka mpaka anakhala pa chitini cha mankhwala, misozi ili mbwee. Kenako anasiya mwadzidzidzi. "A Phiri, pali munthu akuvutika kumudzi chifukwa cha jekete lanulo. Pitani mukafunse amene anali ndi maso m'chipinda muno."

Madzulo ndinapeza amayi anu akutsuka mbale kuseri kwa nyumba. Sindinazungulire. Ndinangoti, "Mawondo aja ndi a ndani?" Mbale inawapulumuka.

"Amayi anakana," anatero. "Anati mkamwini ngakhale afulatire, makina akewo ali ndi diso, ndipo chithunzicho akachitsuka ndi manja ake. Ndiye anati, 'Imapo iweyo. Mawondo akowo unawatenga kuti? Si kwa ine? Akaona akowo aona anga.'"

"Inu n'kuvomera?"

"Inu mukanawakanira? Munthu woti mumathawira m'chitedze?"

Kwathu kuno zinthu zambiri zimayenda ndi woimirira. Pa ukwati amalankhula ankhoswe, pa maliro amalankhula adzukulu, pamlandu amakulankhulira amalume. Agogo anu sanaone chifukwa choti bondo lokha lisakhale ndi woliimirira.

Ndinakhala pa mtondo n'kuyamba kuganiza. Ndikanatha kukhala chete, wojambula watsopano n'kudzakonza zinthu dzinja litatha, koma pofika nthawiyo mayi wa mandasi akanakhala atayala kale mphasa yake pakhomo paja. Kuti ndikonze ndekha, ndinayenera kuulula kwa adokotala uchitsiru wanga, kuwononga filimu ina mwa zochepa zija, ndipo choopsa kuposa zonse, kuyang'ana ndi kugwira miyendo ya apongozi anga. Mwambo wathu uli nako kakhomo. Mkamwini akakhalitsa pabanja amatha kupereka nkhuku kwa apongozi ake kuti amasukirane pakamwa. Koma zimenezo amachita anthu a imvi, ndipo nkhukuyo imatsegula pakamwa pokha. Za mawondo mwambo sunanenepo kanthu.

Lamlungu titaweruka kutchalitchi ndinamanga tambala wathu wofiira pa keliyala wa njinga n'kupalasa ulendo wa ku Santhe. Agogo anu ndinawapeza okha kudimba, atakhala pansi pambali pa nazale, miyendo atatambasula, makeni ali pambali. Atandiona anakoka chitenje kumutu n'kuyang'ana kumbali. Panalibe mwana, panalibe galu. Ndinagwada chapatali, tambala ali m'manja.

"Tambala iwe," anatero, "uwauze eni akowo kuti asochera. Kunyumba ndi uko."

"Tambala," ndinatero ine, "uwauze amayi kuti wabwera kudzaphedwa, kuti ine ndilankhule nawo ndekha."

Tambala anangotiyang'ana tonse awiri. Ndinamuika pansi patsogolo pawo, miyendo ili chimangire.

"Amayi," ndinatero. Aka kanali koyamba.

Anatambasula dzanja n'kumukweza tambala uja kuti amve kulemera kwake.

"Ndi woonda," anatero. "Nenani."

Ndinawauza kuti zonse ndazidziwa, ndi kuti bondo la mwana silingaimirire bondo la mayi, chifukwa lawolo lanyamula zaka zimene la mwana wawo silinanyamule. Ndinati ndikufuna abwerenso, koma ulendo uno ndiyenera kuona ndi kugwira.

"Mwaona a mkazi wanu, simunakhutire?"

"Amayi, ndi ntchito chabe."

"Anthu adzati chiyani?"

"Panopa akuti ndinu aulesi."

Ndinadziluma lilime, koma mawu anali atatuluka kale. Anavula chitenje kumutu n'kundiyang'ana m'maso. Tsiku limenelo ndi pamene ndinadziwa kuti mphuno ya iwe Chikondi inachokera kuti.

"Chigafa cha fodya chija mwachiona?" anatero. "Mitengo yake ndinasenza ndine, ndili ndi mimba ya mkazi wanuyo. Lero ndituluke m'nyumba chifukwa cha mandasi olimba ngati njerwa?" Anapumira m'mwamba. "Mudzanditenge mawa. Koma manjawo muwafunditse kaye. Ndipo pakamwa panupo mudzasoke."

Lolemba ndinawakweza panjinga, a Mbewe ali kumunda. M'chipinda muja ndinachotsa jekete pa msomali n'kuliponya kunja, ndinafufuta mapazi a choko aja, ndinatikita manja anga mpaka atatentha, n'kugwada patsogolo pawo. Anakweza chitenje okha, maso ali kudenga. Mawondo aja anali otupa, opindikira kunja ngati goli la ng'ombe, khungu lake lakuda ndi lokhakhala chifukwa cha kugwada, kugwadira mwamuna, kugwadira alendo, kugwada m'tchalitchi, kugwada m'nazale. Nditagwira kuti ndiwongole, ndinamva m'kati mukulira ngati munthu akuponda miyala ya mumsewu. Manyazi amene ndinkaopa aja sanabwere. Anabwera ena, oti munthu ameneyu ndinamubweza kumunda ndi mapiritsi.

"Fulumirani, bambo," anatero. "Si chinkhoswe chino."

Chithunzi chachiwiri sichinali chokongola. Mbali ya m'kati mpata unali utatheratu, fupa litakhala pa fupa, timinga tili m'mbali monse. Ulendo uno ndinalowa nawo kwa adokotala, ndipo ndinafotokoza za filimu yoyamba ija maso ali pansi. Adokotala anapempha kutuluka pang'ono. Tinawamva akuseka pakhonde. Atabwerera anawapima agogo anu bwinobwino, n'kuwauza zoona, kuti kamnofu kakatha sikameranso, koma ululu ungachepe. Anawapatsa mankhwala, anati azigwira ndodo, aziyenda pang'onopang'ono tsiku ndi tsiku kuti mawondo asaume, koma kusenza makeni ndi kugwada asiyiretu, azikhala pa mpando.

"Zakugwadazo mubwereze," anatero agogo anu. "Mkamwini wangayu amve bwino, akanene."

Tinafika ku Santhe dzuwa litapendeka, kumwamba kutada mbali ya kumadzulo. A Mbewe tinawapeza pa chigafa akukonza mitengo yoyanikapo fodya. Ndinawapatsa mafilimu onse awiri. Anakweza imodzi kumwamba, kenako inzake, ndipo ndinawasonyeza pamene mafupa akukhulana. Ngakhale munthu wosapita kusukulu amaona kusiyana kwa khomo lotsegula ndi lotseka.

"Ndiye makina anuwa amanama?" anafunsa.

"Sananame, bambo. Anajambula amene anaima patsogolo pake."

"Anaima ndani?"

Ndinayamba kufunafuna mawu aulemu, koma agogo anu anandiposa. Anali atatsamira pa nsanamira ya chigafa, ndodo yatsopano ili m'manja.

"Mwana wanu," anatero. "Nambewe. Mwezi wonse uno mwakhala mukuzungulira msika, kuonetsa amuna a pa Santhe miyendo ya mwana wanu wamkazi. A bawo aona, okonza njinga aona. Ena mumawalola kugwira n'kugwira."

Sindinaonepo munthu akufota msanga chotero. A Mbewe anayang'ana filimu ija ngati yawaotcha, anayang'ana uku ndi uku, n'kuilowetsa m'malaya mofulumira, kenako anaitulutsanso poona kuti m'malayamonso si malo ake. Potsiriza anandipatsa ine atayang'ana kumbali. Kumsika sanapondeko mpaka fodya atakololedwa, ndipo pofika nthawiyo mayi wa mandasi anali atapeza wina wa mano. Nkhani ya mkazi wachiwiri sinamvekenso pakhomo paja.

Koma madzulo amenewo anali ndi funso limodzi, ndipo analifunsa motsitsa mawu, akuyang'ana mitambo. "Nanga fodyayu awokera ndani?"

Tinadya tambala uja, analidi woonda, ndipo tisanamalize mvula inayamba kugunda pa malata.

Kutacha ndinatuma uthenga kuchipatala kuti ndichedwa. Ndinalowa m'nyumba n'kunyamula mpando wa a Mbewe, umene unali umodzi wokha pakhomopo ndipo panalibe wina ankaukhalira. Ndinausenza pamutu mpaka kudimba, eni ake akuona, n'kuukhazika pouma. Agogo anu anafika ndi ndodo yawo n'kukhalapo ngati anabadwira pomwepo. Ine ndinapinda buluku la ntchito, ndinagwada m'matope a nazale n'kuyamba kuzula mbande.

Ndisanazule zokwana dzanja limodzi, mawu anamveka kumbuyo kwanga, osadzera mwa mwana, osadzera mwa galu.

"Osati choncho, a Phiri! Mukudula mizu. Kodi kusukulu ya madzulo kuja ankakuphunzitsani chiyani?"